Kilatchi inandikana pokwera Thabwa

"Galimoto yanuyi ikugona, bigi. Muli mahatchi ena m'katimu amene azungu anawamangirira, ine nditha kuwamasula." Anandiuza choncho mnyamata wina Loweruka masana, tonse tikudikira magalimoto athu pamalo otsukira chakufupi ndi msika wa Kamba. Anali wooneka bwino, chikwama cha laputopu chili kumsana, ndipo ankalankhula modekha ngati dokotala amene waona kale nthenda yako usanatsegule pakamwa. Ndinaseka, n'kumuuza kuti yanga ndi galimoto yopitira ku ntchito ndi kukatula ana kusukulu, si yampikisano. Koma nambala yake ndinatenga. Mawu oti "ikugona" aja anandilasa, ndipo sabata yonse yotsatira ndikamakwera kamtunda kalikonse ndinkaimva galimotoyo ngati ikuchitadi ulesi, chonsecho kwa zaka ziwiri sindinadandaulepo nayo.

Galimoto yake ndi Volkswagen Golf ya 2006, ya injini ya dizilo ya 1.9 TDI, magiya asanu osintha ndi dzanja. Inachokera ku UK, n'chifukwa chake mpaka lero imawerenga mtunda m'mamailosi, ndipo pamene ndinkaigula inali itadutsa kale 150,000. Mu Blantyre muno, momwe msewu wadzaza ma Vitz, ma Sienta ndi ma Mira a otomatiki ochokera ku Japan, munthu woyendetsa ya dizilo ya kilatchi amadzimva ngati ndi wa mtundu wina. Ndivomere, kamtima kodzikuza kameneko ndinali nako. Pamapepala a kufakitale injini imeneyi imatulutsa mahatchi 105, womwe ndi muyeso wa mphamvu ya injini, ndi torque, mphamvu yopotokola, ya 250 Nm ikamazungulira ka 1,900 pa mphindi. Nambala yoyambayo ndinkaidziwa pamtima ndipo ndinkaitchula pamowa. Yachiwiriyo sindinkaisamala n'komwe, ndipo ndi imene inadzandigoneka pansi.

Chimene mnyamata uja amachita, chomwe anyamata a magalimoto amati remap, si ufiti ndipo si bodza. Galimoto za masiku ano zili ndi kabokosi ka kompyuta kotchedwa ECU. Ka yanga n'kopangidwa ndi Bosch. Kabokosi kameneka ndi kamene kamagamula kuti ukaponda moto mwakuti, injini ikuzungulira mwakuti, dizilo alowe wochuluka bwanji, alowe panthawi iti, ndipo turbo ikankhe mpweya wochuluka motani. Zonsezi zinalembedwa m'matebulo a manambala. Wopanga remap amalumikiza laputopu pa kasoketi ka mabowo 16 kamene kali kunsi kwa chiwongolero, pafupi ndi bondo la dalaivala, kotchedwa OBD, komwe amakaniko amalumikizapo makina ounikira matenda a galimoto. Amakopera matebulo aja, kusintha manambala, n'kuwabwezera. Palibe bawuti imene amamasula, manja ake sada ndi girizi. Amene akukayika zoti manambala okha angasinthe khalidwe la injini akumbukire za mu September 2015, pamene zinaululika ku America kuti Volkswagen yomweyi inaika m'magalimoto a dizilo pafupifupi 11 miliyoni pulogalamu yozindikira kuti galimoto ikupimidwa utsi, n'kusintha kagwiridwe ka injini panthawi yokhayo. Injini zake zinali za mtundu wina, osati yanga, koma nkhaniyo imaonetsa kukula kwa mphamvu ya kabokosi kaja.

Patapita milungu itatu ndinapita kwawo ku Chilomoni. Tsikulo magetsi anali atazima. Iye anati nthawi zonse amalumikiza batire la galimoto ku tchaja, chifukwa moto ukatsika ali m'kati molemba, ECU imasanduka njerwa ndipo galimoto siliranso. Ndiye anabweretsa galimoto ya mnzake, n'kulumikiza mabatire awiriwo ndi nthambo, ija ya mnzakeyo ikulira. Ndinakhala pa khonde mtima uli m'mwamba, kuyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa pa laputopu. Ola silinakwane.

Pali zinthu ziwiri zimene ndiyenera kumuchitira umboni mnyamatayu, chifukwa pambuyo pake ndinamutukwanira mumtima kwa masiku ambiri mosamuyenera. Choyamba, anasunga fayilo yoyambirira ya kufakitale n'kunditumizira pa WhatsApp, akuti ndisadzaitaye. Chachiwiri, asanayambe anandifunsa kuti, "Kilatchi ili bwanji, bigi?" Ine ndinayankha kuti ili bhobho. Ndinkadziwa chiyani? Sindinaionepo ndi maso, sindinkadziwa ngati mwini wake wa ku UK anaisinthapo. Ndinkangodziwa kuti ndikaponda giya imalowa. Anandiuza kuti tsopano ndili ndi mahatchi 140 ndi 320 Nm. Manambala amenewa anali apakamwa basi, chifukwa galimoto sinakwere pa makina opimira mphamvu aja amati dyno, ndipo fayilo imene anaikayo si kuti anaisokera injini yanga ayi; inali yogwira pa Golf iliyonse ya mtundu umenewu, ngati yunifolomu ya pasitolo.

Koma abale, kukoma kwake! Pochoka ku Chilomoni ndinadzera dala mu Chipembere Highway. Kuchokera pa Ginnery Corner kukwera ku Chichiri, pamene kale ndinkafunika kubwerera pa giya yachitatu kuti ndidutse minibasi, ulendo uno ndinangogusa phazi ndili pa yachinayi, msana n'kumatirira kumpando. Lamlungu lake ndinanyamuka wopanda chifukwa chenicheni kulowera msewu wa Zalewa. Kupitirira Lunzu, mathiraki opita ku Mwanza ndinkawadutsa ngati aima. Mayi a kunyumba anazindikira okha. "Abambo, galimotoyi mwaipatsa chiyani?" Ndinati ndangoikonzetsa. Sindinaname, koma sindinanenenso zoona.

Ngakhale mafuta ankaoneka ngati akuyenda pang'ono, ndipo nthawi imene ija, ya mizere yogona pa filing'i siteshoni, chimenecho chinali chodzitetezera changa chachikulu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti nambala ya pa dashibodi siyodalirika ukapanga remap, poti imawerengera kuchokera ku matebulo omwe asinthidwa aja. Njira yoona ndi kudzadza thanki, kuyenda, kudzadzanso, n'kuwerengera wekha. Sindinachite zimenezo. Nambala yondisangalatsa ndinalibe nayo mafunso.

Chimene chinasintha kwambiri si galimoto, ndi phazi langa. Ndinasiya kusintha magiya. Ndinkalowa giya yachisanu msanga, injini ili pa 1,600 kapena 1,800, ndipo ndikafuna kudutsa wina ndinkangoponda mpaka pansi, kumvera mmene ikukokera kuchokera pansi penipeni ngati ng'ombe yapangolo. Kukoma konse kwa remap ya dizilo kuli pamenepo. Ndi pomweponso kilatchi imafera, koma izi ndinali ndisanaphunzire.

Chizindikiro choyamba chinabwera patatha miyezi ngati isanu, pa msewu wa Zomba chakufupi ndi Njuli. Ndili pa giya yachisanu ndinaponda kuti ndidutse lole ya miyala. Singano ya marevu, yoonetsa kuzungulira kwa injini, inalumpha, injini inakweza mawu, koma liwiro linatsalira pomwepo kwa kamphindi, kenaka singano ija inabwerera yokha galimoto n'kugwira. Zinatenga mwina masekondi awiri. Ndinadziuza kuti mwina tayala laterera pa mchenga. Pa phula louma, mwezi wa August! Zinachitikanso kawiri mwezi wotsatira, nthawi zonse pa giya yachinayi kapena yachisanu, ndipo m'tauni, pa giya yoyamba ndi yachiwiri, galimoto inali bwinobwino. Ichi ndi chimene chinandipusitsa. Ndinkaganiza kuti kilatchi yotha iyenera kuvuta ponyamuka.

Mu October 2023 tinapita ku chinkhoswe ku Nchalo. Pobwerera tinali anthu akuluakulu asanu: ine, mayi a kunyumba, mlamu wanga, ndi azakhali awiri amene sakanatheka kuwasiya. Ku buti kunali thumba la chimanga, nkhuku ziwiri ndi katundu wina amene munthu sukana ukapita kumudzi. Amene anafikako ku chigwa cha Shire mwezi umenewu akudziwa kutentha kwake, kumene kumafika mpaka madigiri 40, mpweya wolowa pawindo uli ngati wochokera mu uvuni. Tinawoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa, n'kuyamba kukwera. Chikwawa ili pansi kwenikweni, mamita ngati 100 okha pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ili pa mamita oposa 1,000, ndipo gawo lalikulu la kusiyana kumeneku umalikwera m'makhotakhota a phiri limeneli.

Kutsogolo kwathu kunali thiraki yolemedwa ikukwawa. Ndinaitsatira kwa kanthawi, theka la phazi lili pa kilatchi chifukwa liwiro lake linali pakati pa giya yoyamba ndi yachiwiri. Patapezeka kampata kowongoka ndinatuluka, kuidutsa, kuponya yachitatu msangamsanga n'kuponda mpaka pansi. Injini inakuwa. Singano inathamangira kupitirira 3,500. Galimoto sinawonjezere liwiro ngakhale pang'ono, m'malo mwake inayamba kufooka, thiraki ija ikukula pagalasi kumbuyo kwanga. Kenaka fungo linalowa, lija la chinthu chopserera losakanikira ngati mphira ndi tsitsi. Azakhali wina anayamba kupemphera mokweza. Mwamwayi panali kamalo kokhotera kumanzere, pamene anyamata amaimika matumba a makala, ndipo ndinakwanitsa kuikokera pamenepo.

Tinakhala pamenepo kupitirira ola, boneti ili yotsegula ngakhale kuti chimene chinkapsacho sichioneka ukatsegula boneti. Mlamu wanga, amene ndinamuuza za remap tsiku lina ndikudzitama, anaima pambali panga manja ali m'thumba. "Alamu, mahatchi aja athawira kuti?" Mayi a kunyumba anamva. Umo ndi mmene nkhani ya laputopu inafikira kunyumba kwanga, pamaso pa azakhali awiri ndi ogulitsa makala.

Itazizira inagwirako pang'ono. Tinakwera chotsalacho pa giya yachiwiri, phazi likungokhudza moto ngati ndikuponda mazira, magetsi a ngozi akuphethira. Pa Milare tinafika kutada.

Makaniko wanga ndi bambo wachikulire wa ku Ndirande, wosalankhulalankhula, amene galaja yake ndi mthunzi wa malata ndi dzenje limodzi. Kuti ufike pa kilatchi ya Golf uyenera kutsitsa giyabokosi yonse, ntchito ya tsiku lathunthu. Atamaliza anandiimbira kuti ndibwere ndidzaone ndekha. Anayala zinthu zitatu pa katoni: kilatchi puleti, pulesha puleti ndi fulayiwilo. Puleti ija inali itadyeka mpaka mitu ya marivetsi kuyamba kuonekera, ndipo nkhope yake, imene imayenera kukhala yokhakhala ngati ya buleki, inali yosalala ndi yonyezimira. Pa fulayiwilo panali mawanga abuluu, chizindikiro cha chitsulo chimene chatenthedwa kopitirira.

Ndinayamba kudandaula za mnyamata wa laputopu. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa.

"Achimwene, puleti iyi sinadyeke miyezi isanu ndi iwiri ayi. Iyi ndi ya zaka. Mwina ndi yomwe inachoka nayo kufakitale. Mwana uja sanadye kilatchi yanu. Anangoisenzetsa thumba lina ili kale yotopa."

Kenaka anandifotokozera, ndipo ndiyesa kubwereza mmene ndinamvera. Kilatchi ilibe mano. Injini ndi giyabokosi sizilumana ngati magiya; zimangogwirana mwa kupanikizana. Fulayiwilo imazungulira ndi injini, puleti ndi yolumikizidwa ku giyabokosi, ndipo pulesha puleti, ndi sipuling'i yake yooneka ngati mbale ya zala, imakanikiza puletiyo pa fulayiwilo mwamphamvu kuti zizungulire ngati chinthu chimodzi. Ukaponda kilatchi umamasula kupanikizako. Ndiye mphamvu imene kilatchi ingagwire ili ndi malire, ndipo malirewo amachokera pa kulimba kwa sipuling'i, kukula kwa puleti ndi kukhakhala kwa nkhope yake. Anandifunsa ngati ndinaonapo lamba wa pachigayo pamene wogayitsa wathira chimanga chambiri nthawi imodzi: injini ikulira bwinobwino, pule ikuzungulira, koma lamba akungolira tswii osakoka. Basi, n'chimodzimodzi.

Ndipo chimene chimapyola malirewo si mahatchi, ndi torque, mphamvu yopotokola, imene umaimva m'dzanja ukamamasula bawuti yolimba ndi sipanala. Mahatchi ndi torque yomweyo kuchulukitsa ndi liwiro la kuzungulira kwa injini. Ndi nambala yabwino pofotokoza mmene galimoto ingathamangire, koma kilatchi siiwerenga. Iyo imamva kupotokola kokha. Injini ya dizilo ya turbo imapotokola kwambiri ikamazungulira pang'onopang'ono, cha m'ma 1,900 momwe muja, ndipo remap imawonjezera kwambiri pamalo omwewo, chifukwa ndi pamene kasitomala amamva kuti ndalama zake zagwira ntchito. Ngati manambala a mnyamata uja anali oona, kuchoka pa 250 kufika pa 320 ndi kuwonjezera 28 pa 100 iliyonse.

Nanga bwanji inkaterera pa magiya apamwamba okha? Apa madalawo analoza wakabaza amene ankakwera mtunda wa kumsika atanyamula mayi ndi dengu lake. Pa giya yopepuka, ukapalasa njinga imayankha msanga, mwendo sukhalitsa pa kukankha. Pa giya yolemera uli pamtunda, umaimirira pa pedulo ndi thupi lonse, njinga ikukana, ndipo ndi pamene tcheni chimaduka. Pa giya yoyamba ndi yachiwiri galimoto imalola msanga, injini imadutsa pamalo a torque yambiri aja m'kanthawi kochepa. Pa yachinayi ndi yachisanu galimoto imakana, injini imakhazikika pamalo amenewo ikupotokola ndi mphamvu zonse, ndipo chofooka pakati pa ziwirizi n'chimene chimagonja. Ikangoterera kamodzi imatentha, ikatentha nkhope imasalala, ikasalala imaterera mosavuta kuposa poyamba. Masekondi awiri a pa Njuli aja anali chiyambi cha zimene zinathera pa Thabwa, pamene kulemera kwa anthu asanu ndi mtunda zinachititsa giya yachitatu kulimba ngati yachisanu.

Mawu a mnyamata uja oti azungu anamangirira mahatchi ali ndi choona chake. Opanga magalimoto amasiyadi mpata. Injini imodzi imagulitsidwa ku maiko ozizira ndi otentha, a dizilo woyera ndi wokayikitsa, kwa anthu osintha oyilo panthawi yake ndi kwa ena ngati ife amene timati tionabe mwezi wamawa. Pali malamulo a utsi, palinso chitsimikizo chimene kampani imapereka kwa wogula. Koma mpata umenewo si mahatchi ogona. Ndi chakudya chosungira chaka cha njala. Ndipo pali umboni wina umene unanditsegula maso nditaufufuza. Injini ya 1.9 TDI inatulukanso kufakitale ili ndi mahatchi 130 ndi 310 Nm, mu Golf ya m'badwo wam'mbuyo mwa yanga. Anthu a remap amakonda kutchula zimenezi, kuti mwaona, injini yomweyi imatha. Chimene satchula n'chakuti ya 130 ija inabwera ndi turbo ina, ma injekita ena opopera dizilo mu injini, giyabokosi ya magiya asanu ndi limodzi, ndi kilatchi yokulirapo, ya mamilimita 240 pamene yanga ndi ya 228. Eni ake atafuna torque imeneyo anasintha zitsulo. Ine ndinasintha manambala okha, pa galimoto ya zaka 17.

Kwathu kuno mpata uja timakhala tadyako kale tisanaonane ndi laputopu. Pa mamita 1,000 mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi kunyanja, ndiye turbo imazungulira kwambiri kuti ikwanitse zimene ECU ikuitanitsa. Fayilo yolembedwera ku Ulaya sidziwa zimenezo, sidziwanso za October wa ku Chikwawa. Ndiyeno Blantyre weniweniyo ndi mzinda wodya makilatchi. Palibe malo athyathyathya. Taganizani za mzere wa madzulo kuchokera pa Clock Tower, kapena kulowa mu Limbe tsiku la malipiro, kapena kutuluka mu Ndirande m'mawa: kunyamuka, kuima, kunyamuka, pamtunda, minibasi itakumamatira kumbuyo, njinga zamoto zikudutsa mbali zonse. Ambirife pamenepo sitikoka handibuleki. Timaigwira galimoto ndi kilatchi, theka kuponda theka kusiya, zimene timati kubalansa, ndipo timanyadira kuti ndi ukatswiri. Madala aja anatenga nsapato yanga yakumanzere ndi maso n'kundifunsa kumene ndimaika phazi ndikamayenda. Ndinati pambali. Anati ndiyang'ane mphira wa pedulo ya kilatchi. Unali wodyeka mbali imodzi, pamene phazi limatsamira munthu osadziwa.

"Walira mvula walira matope," anatero akupukuta manja. "Mphamvu mwaifuna, landirani ndi bilu yake."

Biluyo inabwera panthawi yoipa. Fulayiwilo ya galimoto imeneyi si chitsulo chimodzi ngati za ma Hilux akale. Ndi ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i m'kati, kuti izimeza kugunda kwa injini ya dizilo kusanafike ku giyabokosi, ndipo kuponda moto wonse injini ili pa marevu otsika, chizolowezi changa chija, ndi kumene kumaitopetsa kwambiri. Yanga inali itayamba kugwedera, ndipo sikhala yokonza, umangosintha. Mu Blantyre ndinapeza zakale zokhazokha, zochotsedwa m'magalimoto a ngozi, zimene madala anakana kuziika. Anati sangatsitse giyabokosi kawiri chifukwa cha umphawi wanga. Ndinapeza munthu woitanitsa ku Johannesburg, anandipatsa mtengo kumapeto kwa October, ndinati ndidikire malipiro. Ndikudikira choncho, mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mtengo umene ndinapatsidwa uja unafera pomwepo. Zonse pamodzi, zipangizo ndi ntchito, zinandidya kangapo kuposa zimene ndinalipira pa remap, ndipo galimoto inakhala pa mathanthwe milungu isanu ine ndikukwera minibasi pa Kamba, nthawi zina kuima pafupi ndi malo otsukira aja.

Panali zosankha. Ena anandiuza kuti ndiike fulayiwilo ya chitsulo chimodzi, yotchipirapo ndi yosafa msanga, koma imabweretsa phokoso ndi kunjenjemera galimoto ikangoima ikulira, ndipo kugunda kumene masipuling'i aja ankameza kumapita ku giyabokosi. Ena anati ndigule kilatchi yolimbitsidwa, ya sipuling'i yamphamvu, yopangidwira magalimoto a remap. Imeneyo imagwiradi, koma pedulo imalemera, ndipo zina mwa izo zimagwira mwadzidzidzi ngati msampha. Madala anangondifunsa kuti pa sabata ndimakhala maola angati pa mzere wa magalimoto ndipo ndimakhala mphindi zingati ndikudutsa mathiraki. Ndinagula ya mtundu wa kufakitale, seti yonse pamodzi ndi beringi yake.

Anzanga ena amandifunsa ngati nawo apange. Wa Vitz kapena Passo ndimamuuza kuti asunge ndalama zake: injini ya petulo yopanda turbo ilibe pokankhira mpweya wowonjezera, ndiye laputopu ingamupatse zochepa kwambiri zoti sangazimve, ndipo giyabokosi ya CVT, imene imakoka ndi lamba wachitsulo, nayo ili ndi malire ake a torque. Wa dizilo ya turbo sindimuletsa, chifukwa ndinganame nditati sizigwira ntchito. Ndimangomuuza kuti apite kaye pa msewu wowongoka, injini itatentha, alowe giya yapamwamba pa marevu ngati 1,800, aponde mpaka pansi, maso ali pa singano ziwiri, ya marevu ndi ya liwiro. Zikakwera limodzi, kilatchi ikadali ndi moyo, ngakhale kuti zimenezo sizikuuza kuti watsala wochuluka bwanji. Ya marevu ikatsogola yokha, ndalama ya remap ija ndi ya kilatchi kale. Ndipo ngati sakudziwa kuti kilatchi yake inasinthidwa liti, asayankhe kuti ili bhobho. Afunsenso a inshuwalansi yake, poti galimoto yosinthidwa mphamvu osawauza ikhoza kudzabweretsa mkangano tsiku la ngozi. Za anyamata amene amakonda galimoto yofuka utsi wakuda ikanyamuka, amvekere ndiye mphamvuyo, ndilibe nawo mawu ambiri: utsi umenewo ndi dizilo amene walephera kupsa, wogula ndi ndalama, ndipo amene akuupuma ndi mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu.

Galimoto itatuluka ku Ndirande ndinali ndi fayilo ya kufakitale ija pa foni, ndipo ndinapita ku Chilomoni n'cholinga choti aibwezere. Ndinafika ndili ndi mawu okonzeka. Mnyamatayo anamvetsera, sanadziteteze, anangoti, "Ndinakufunsani, bigi." Ndinavomera kuti anandifunsa. Kenaka anatsegula laputopu n'kundionetsa tebulo limene limaika malire a torque pa marevu alionse, mzere wokwera ngati phiri la Ndirande pakati pa 1,700 ndi 2,200. Anati akhoza kudula nsonga ya phirilo kuti pansipo pakhale pafupi ndi za kufakitale, n'kusiya zowonjezera pang'ono kumtunda, kumene injini ikuzungulira kale mwachangu. Ndiko kuti mphamvu ikhalapo, koma uyenera kuitsikira giya kuti uipeze. Ndinaganiza kwa nthawi, chifukwa ndinali nditalonjeza kunyumba kuti zonse zibwerera mwakale. Ndinamuuza kuti adule. Sanandilipiritse, ndinangomugulira chakudya chamasana. Kunyumba ndinakanena zoona ulendo uno, ndipo yankho linali lakuti kilatchi yotsatira ndidzagula ndi ndalama ya mowa.

Kumapeto kwa December tinapitanso ku Nchalo kukasiya azakhali. Pobwerera tinali atatu okha. Titadutsa pa Thabwa tinapezanso thiraki, mwina yomwe ija, ikukwawa pa makhota omwe aja. Ndinaisiyira mpata wautali kuti ndiyende pa giya yachiwiri phazi lakumanzere lili pansi, osakhudza pedulo. Pa kampata kowongoka kaja ndinaona kuti kutsogolo kulibe kanthu, koma ndinakhalabe kumbuyo kwake mpaka tinadutsa pamalo a makala paja, anyamata aja atakhala pa matumba awo. Mmodzi anaizindikira galimoto n'kuimika dzanja.

Mlamu wanga anasuzumira pa dashibodi, kenaka anandiyang'ana. "Alamu, mahatchi aja munagulitsa?"

"Alipo," ndinatero. "Akudya kaye."